Mankhwala a M'mbale

Ezekiele anaona manja a mlongo wake pomwe ankamuthirira madzi oti asambe m'manja. Clara anagwira jagi ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kupereka sopo, ndipo chikhatho chija chinali chachikasu. Sichinali chikasu cha utoto kapena cha dothi. Chinali chochokera mkati, chokhazikika m'mizere ya chikhatho, ngati munthu wafinya papaya wakupsa n'kuiwala kusamba.

Sopo anamupulumuka Ezekiele n'kugwera m'beseni.

"Iwe, sopoyo ndi wa mwezi wonse," anatero Clara. "Kapena ku Lisungwi kwanuko amamera m'dimba?"

"Achemwali, manja anuwo."

Clara anaika jagi pansi, n'kutambasula zikhatho zonse ziwiri padzuwa monyadira.

"Waona eti? Zayamba kugwira."

Linali Loweruka masana, mwezi wa Julaye, mphepo ya m'mapiri a ku Nsambe ikulowa mpaka m'mafupa. Ezekiele anali atatha miyezi isanu osaponda kwawo. Ankagulitsa mbewu ndi feteleza mushopu ya munthu wina ku Lisungwi, ndipo zifukwa zosabwerera kumudzi sizinkamuthera. Pamkeka panali mbatata yophika ya kadyaubwerere, yofiira mkati, ndi maungu pambali. Mwamuna wa Clara, Kingsley, anali pakhonde kukonza sipuleya yopopera mbatatesi, ndipo sanadzutse mutu.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, Clara akusenda mbatata. Mu Febuluwale, atapita ndi mwana kusikelo, anamwino anamupempha kuti amuyeze khomo la chiberekero ndi viniga. Anapeza kachigamba koyera. Anati si khansa, koma kakasiyidwa kakhoza kusanduka khansa, choncho akawotche ndi makina. Clara anawauza kuti akafunse kaye kunyumba. Sanabwerereko.

"Ine ndinamuuza kuti tipite," Kingsley analankhula akuyang'ana sipuleya yake. "Akuti iwe unalekeza Fomu 2, mchimwene wanga anafika kukoleji. Ndiye ine nditani, alamu? Mbumba ndi yanu."

"Amayi anayamba mochedwa, matenda atakula kale," anatero Clara. "Unanena wekha pamaliro kuti zinachedwa. Ine ndayamba msanga. M'mawa mbatata, masana maungu, mapapaya ndikawapeza. Tiyi ndinasiya kalekale."

"Komabe pitani kuchipatala. Zonse ziwiri zikhoza kuyendera limodzi," anatero Ezekiele.

"Akandiwotche chifukwa chiyani pomwe zikugwira? Idya, zizizira."

Ezekiele anatenga mbatata imodzi. Inali yokoma, yotsekemera bwino, koma anangoluma kamodzi n'kuibwezera m'mbale.

Zaka ziwiri m'mbuyomo Ezekiele anali m'chaka chachiwiri pakoleji ina ku Blantyre, kuphunzira zoyeza magazi ndi matenda mulabu. M'mudzi mwawo anali woyamba kufika kumeneko, ndipo mayi ake, a Estere, anasiya kumutchula dzina. Ankamuitana kuti adokotala. Pamsika, pomwe ankagulitsa mbatatesi pandowa, munthu akangotsokomola ankamuuza kuti apirire, adokotala akubwera paholide.

Paholide ya Pasaka chaka chimenecho, a Estere anamuitanira kuseri kwa nyumba komwe ankasola nyemba. Anamasula kabuku ka kuchipatala pansonga ya chitenje n'kumupatsa.

"Werengani nokha, adokotala. Pakamwa pangapa sipanganene zimenezi kwa mwana wamwamuna."

Anawerenga. Anamwino anali ataona chotupa pakhomo la chiberekero, chokayikitsa, ndipo analemba kuti apite kuboma msanga akadule kanyama kokayeza.

"Akuti mwina achotsa nyumba yonse," anatero a Estere, maso ali panyemba. "Nyumba imene inu munagonamo miyezi isanu ndi inayi osalipira. Mnzanga wina anapita kumpeni chaka chatha, anabwerako m'bokosi. Ine mpeni ndikuuopa, adokotala. Sindikubisirani."

Zinangochitika kuti sabata imeneyo Ezekiele anali ndi pepala la kafukufuku m'chikwama, loti akalifotokoze m'kalasi akatsegulira. Anali ataliwerenga katatu, ndipo kanali koyamba kumva kuti wamvetsa chinthu chovuta payekha, popanda mphunzitsi. Chinkamuyabwa pakamwa. Anakhala pansi pafupi ndi lichero n'kuyamba.

"Amayi, thupi lathuli linamangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo lililonse limabadwa likudziwa kafedwe kake. Likakalamba kapena likaonongeka, limamanga lokha katundu, limafota mwakachetechete, lina n'kulowa m'malo mwake, ngati mmene tsamba limathothokera m'chilimwe. Tsono pali kachilombo kamene kakalowa pakhomo la chiberekero kamatseka maselo makutu. Maselo aja amaiwala kufa. Amangoswana, kumangoswana. Khansa ndi imeneyo."

"Ndiye kuti ndikudwala chifukwa kanthu kena mwa ine kakukana kufa?" A Estere anaseka mpaka kupukuta misozi. "Katengera mwini wake."

"Koma asayansi apeza kuti pali mankhwala a mtundu wa vitamini A, dzina lake maretinoyidi. Akawathira pa maselo amenewo, ena amakumbuka. Amafa okha, popanda mpeni."

Manja a a Estere anaima m'lichero.

"Vitamini A amene amadonthetsera ana kusikelo uja? Amene alangizi amati ali mumbatata yofiira?"

"Ndi pachibale."

"Ndipo zimagwiradi ntchito?"

"M'mbale zimagwira."

Iye ankanena kambale ka mulabu, kapulasitiki, kokhala ndi chivundikiro, momwe amaleramo maselo m'timadzi tofiira. Iye ndi anzake akamacheza m'Chichewa ankangoti mbale. Koma a Estere ankadziwa mbale ya mtundu umodzi, yodyeramo. Nkhope yawo inamasuka koyamba sabata yonse ija. Ezekiele anaona kuti amva zina. Ichi ndi chimene sanauzepo munthu aliyense: anaona.

"Ndiye ndiyambe ndayesa za m'mbalezo," anatero a Estere, "kubomako ndipite tikakolola?"

Ayi ndi liwu lalifupi, mwana wa zaka ziwiri amalitha. Koma mayi ake ankamuyang'ana ngati munthu amene wawatsegulira chitseko, ndipo kuyang'anidwa koteroko kunali kokoma. Nayenso mpeni ankauopa.

"Kuyesa sikulakwa," anatero.

Atabwerera kukoleji anaima kutsogolo kwa kalasi n'kufotokoza pepala lija mosadodoma. Anamaliza ndi mawu akuti mwina tsiku lina amayi sadzafunikanso opaleshoni. Mphunzitsi wake, bambo wa imvi wosakonda kukweza mawu, anavula magalasi.

"Wafotokoza bwino. Koma m'mbale ngakhale mchere umapha khansa. Munthu si mbale."

Anapitiriza kuti mphamvu ya mankhwala imene amathira pa maselo mulabu munthu sangaipeze m'chakudya, ngakhale adye munda wonse. Anati maselo ena safa n'komwe, ndipo kuchoka m'mbale kufika pa munthu wodwala ndi ulendo wautali umene mankhwala ambiri amathera panjira. Mayi amene ali ndi khansa imeneyi, anatero, amafunika chithandizo cha kuchipatala, ndipo amachifuna msanga.

Masana omwewo Ezekiele anaimba foni kumudzi. Asanatsegule pakamwa, mayi ake anali atayamba kale.

"Adokotala! Manja anga asanduka achikasu. Ndawaonetsa amayi onse kutchalitchi. Akuti Estere, mwana unabereka. Ndiye kuti mankhwala afika mpaka kuzala, eti?"

Iye ankadziwa kuti chikasucho n'chongosonyeza kuti munthu wadya mbatata ndi maungu ochuluka, basi. Anamva mawu a mayi ake akuvina mufoni. Anadziuza kuti nkhani yotere si yapafoni, akawauza maso ndi maso mayeso akatha. Mayeso atatha anamutumiza kukaphunzira ntchito pachipatala china kutali. Ankaimba Lamlungu lililonse, ankafunsa za mvula, za mtengo wa mbatatesi. Akafunsa za kuboma, a Estere ankati akumva bwino, iye n'kuvomera msangamsanga.

Anafika kumudzi mu Disembala. Fungo linamulonjera pakhomo. Clara ankapita kumtsinje kawiri patsiku ndi ndowa yovundikira, kukachapa nsalu za mayi awo kumalo kosafika anthu. Anawatengera kuboma, kuboma anawatumiza ku Blantyre. Dokotala wa kumeneko anayang'ana tsiku limene linalembedwa m'kabuku kaja, n'kuwerenga miyezi pazala.

"Mayi, munali kuti miyezi yonseyi?"

Ezekiele anali chiimire pambali pa bedi. A Estere sanamuyang'ane.

"Ndinali kukolola," anayankha.

Anamwalira mu Malichi. Pamaliro anthu anamufunsa kuti nanga mankhwala aja analephera bwanji, iye n'kunena kuti zinachedwa. Sanabwererenso kukoleji. Anthu ankati chisoni chamugwetsa, ndipo ankamumvera chifundo. Chifundo chimenecho ankachilandira ngati munthu wolandira chenje chopitirira, akudziwa kuti si chake.

Tsopano chikasu chija chinali m'manja mwa Clara, mayi wa ana awiri, wa zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Lolemba m'mawa Ezekiele anapita kuchipatala cha ku Nsambe. Maganizo ake anali oti apemphe anamwino akamulankhule Clara mwamphamvu, nkhani ithe popanda iye kutsegula za kale. Anadikira mzere wa amayi oyembekezera uthe, kenaka anagogoda. Namwino wake anali wachitsikana, wongobwera kumene kuderalo, dzina lake Atikonda. Ankadya mtedza wokazinga uku akulemba m'kaundula.

"Za mlongo wanu sindingakuuzeni, achimwene, zimenezo ndi zake," anatero atamva. "Koma ndikuuzeni za mbali yakwanuko. Amayi asanu a kumeneko tinawapeza ndi tizigamba, onse sanabwerenso. Azaumoyo apitako kawiri. Akuti kumeneko kuli dokotala wamkulu kuposa ife."

"Dokotala?"

"Mwana wa mayi wina, akuti anaphunzira ku Blantyre. Anawauza kuti mankhwala a khansa ali m'mbale. Ndiye akudya mbatata. Wina anabwera ndi malungo sabata yatha, manja ngati wagwira ufa wa kale wothira m'ndiwo." Anaponya mtedza m'kamwa. "Ndikanakonda nditamuona mnyamata ameneyo, ndimufunse buku limene anawerenga."

"Mwina sankadziwa kuti zifika pamenepa."

"Kusadziwa n'kwa tsiku limodzi, achimwene. Zaka ziwiri?"

Ezekiele anayang'ana chithunzi cha mayi woyamwitsa chimene chinamatidwa pakhoma.

"Chimene chimandipweteka," anapitiriza Atikonda, "n'chakuti tizigamba timeneti n'tosavuta. Kakakhala kakang'ono timawotcha mphindi imodzi kapena ziwiri, munthu n'kumapita kwawo wapansi. Koma sikadikira munthu. Lachisanu tili ndi tsiku la zimenezi. Ngati mlongo wanu amakumverani, bwerani naye. Paja mwati dzina lanu ndani?"

"Amandimvera," anatero Ezekiele, n'kutuluka osatchula dzina.

Lachiwiri anathandiza Kingsley kupopera mbatatesi tsiku lonse. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wake unali utamutsata zaka ziwiri, ndipo unali utalowa m'nyumba zisanu.

Lachitatu anapeza Clara kumunda wa kumtunda, akukumba mbatata yekha. Anali atadzaza kale theka la dengu. Ezekiele anatulutsa m'thumba chivundikiro cha botolo la mafuta odzola chimene anatola m'nyumba, n'kuchiika pamzere pakati pawo.

"Achemwali, taimani kaye. Mbale ija ndi iyi."

"Mbale iti?"

"Imene ndinawauza amayi. Kukula kwake ndi chonchi. Imakhala mulabu. Amatenga maselo a khansa amene anachotsedwa kale m'thupi la munthu, n'kuwalera m'menemo. Akathiramo mankhwala aja, ena amafa. Ndi zokhazo zimene ndinawerenga. Si mbale yodyera. Mbatata sichiza khansa, achemwali. Sichizanso kachigamba kanuko."

Clara anayang'ana chivundikiro chija, kenaka anayang'ana iye. Anaseka pang'ono.

"Ndiye kuti amayi anamva molakwika?"

Apa panali pothawira, ndipo Clara anali atamutsegulira yekha. Akanangoti inde, mlandu ukanagwera munthu amene ali kumanda, wosaphunzira, amene sangayankhe.

"Anamva molakwika, ine ndikuona. Anandifunsa ngati angadikire mpaka kukolola. Ndinati kuyesa sikulakwa."

"Unali mwana wasukulu. Sunkadziwa."

"Ndinadziwa mu Meyi. Aphunzitsi anandiuza pamaso pa kalasi yonse. Ndinaimba foni tsiku lomwelo kuti ndiwauze, ndinawapeza akusangalala ndi manja achikasu, ndinakhala chete. Meyi, Juni, mpaka Disembala. Lamlungu lililonse ndinkalankhula nawo."

Khasu linali lidakali m'manja mwa Clara. Analitsamira ngati ndodo.

"Chifukwa chiyani?"

"Ankanditchula adokotala."

Kumunsi kwa phiri wina ankaitana mbuzi. Clara anakhala pansi pamzere, miyendo yotambasula, n'kuyamba kuchotsa dothi pambatata imodzi ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka inayera.

"Nsalu zija ndinkachapa ndine," anatero. Mawu ake anali otsika. "Iwe unabwera kumapeto, unanyamula chikwama, anthu n'kumati mwana wabwino, wasiya sukulu chifukwa cha mayi ake. Ine kuyambira Okutobala ndinali kumtsinje. Ndinkawaphikira maungu amenewo ndi manja angawa, akusanza, ine n'kumawakakamiza kuti amayi idyani, adokotala ananena. Ndinkawakalipira akasiya. Ukumva? Ndinkawakalipira."

"Pepani, achemwali."

"Pepani wakoyo ukamuuze mwini wake, ukudziwa pomwe agona." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ku Blantyre kuja, dokotala atawafunsa, anati anali kukolola. Ndiye kuti anali atadziwa?"

"Ndikuganiza choncho."

"Anakubisa."

"Anandibisa."

Clara anaponya mbatata ija m'dengu mwamphamvu mpaka inathyoka pakati.

"Tsono wabwera kudzatula katundu wako pamutu panga, kuti upepukidwe."

"Ndabwera kuti Lachisanu mupite kuchipatala. Mundide moyo wanu wonse, palibe kanthu, koma mupite."

"Ndipite chifukwa wanena iwe? Pakamwa pomwepo?" Anaimirira n'kukung'untha chitenje. "Zaka ziwiri wakhala ukunama, lero ndikhulupirire kuti wayamba zoona chifukwa wanditolera chivundikiro cha mafuta? Kuno kumunda kulibe mboni. Mawa ndi Lachinayi, amayi akumana kutchalitchi. Amayi ako anaimirira pomwepo kuonetsa manja awo. A Stelia akudya mbatata chifukwa cha iwe, mpongozi wawonso. Ukaimirire pomwe anaima amayi, ukanene zonse zimene wandiuzazi, ndi za Meyi zomwe. Ndikakumva ndi makutu anga uli pamenepo, Lachisanu ndipita. Ukakachepetsako ngakhale liwu limodzi, usadzanditchulenso chemwali."

Anasenza dengu osapempha kuti amutwike.

Lachinayi masana amayi oposa makumi atatu anakhala pamabenchi akutsogolo, atavala mabulauzi oyera ndi mipango yoyera. Mwamuna salowa pamsonkhano umenewu pokhapokha akhale mbusa, choncho atamuona Ezekiele pakhomo nyimbo inazima yokha. Clara anali atauza kale amayi apampando kuti mchimwene wake ali ndi mawu. Clarayo anakakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera.

"Adokotala afika," anatero a Stelia, mnzawo wa a Estere wa pamsika, akusuntha kuti amupatse malo. "Bwerani, mwana wa mnzanga. Mwaonda bwanji?"

Ezekiele sanakhale. Anaima kutsogolo, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Amayi, ine si dokotala. Sukulu ndinasiyira panjira. Dzina langa ndine Ezekiele."

Anafotokoza zonse. Kutchula khomo la chiberekero pamaso pa amayi a msinkhu wa mayi ake kunamuvuta, ndipo ena anagwetsa nkhope, koma anatchula. Ananena za maselo oiwala kufa, za kambale ka mulabu, za funso la mayi ake ndi yankho lake. Atafika pa Meyi mawu anathawa. Anayang'ana kuzenera. Clara ankamuyang'ana osaphethira. Ananena za Meyi.



"Ndiye mbatatayi tizule?" anafunsa mayi wina wachitsikana, mwana ali kumbuyo. Awiri atatu anaseka, kuseka kwa anthu amene asowa chochita.

"Ayi, idyani. Ndi chakudya chabwino, ana chimawathandiza maso. Koma amene anakupezani ndi kachigamba, mawa pitani kuchipatala."

A Stelia anali atabisa manja awo m'chitenje.

"Ezekiele," anatero. Kanali koyamba kumutchula dzina chichokereni kukoleji. "Estere akanapita nthawi ija, bwenzi lero ali pano?"

"Sindikudziwa, amayi. Mwina. Madokotala anati miyezi imeneyo inali yofunika."

"Ine ndinamuuza kuti usapite kumpeni, mvera mwana wako," anatero a Stelia. Sankauza iye, ankauza benchi limene linali patsogolo pawo. "Ndinamubweretsera mbewu ya kadyaubwerere ndine."

Amayi apampando anayambitsa nyimbo, mwina pofuna kutseka dzenje limene linatseguka m'chipindamo. Ezekiele anatuluka nyimbo ili pakati. Palibe anamutsatira, palibenso anamutukwana, ndipo iye akanakonda wina akanamutukwana.

Lachisanu m'mawa anafika pakhomo pa Clara n'kupeza wanyamuka kale. Anamupeza kuchipatala, pabenchi lapanja, ali ndi a Stelia ndi mpongozi wawo ndi mayi wina. Anayi mwa asanu. Wachisanu, anamva pambuyo pake, anati mnyamatayo wasokonezeka mutu ndi maliro, zoona ndi zimene ananena poyamba. Ezekiele anakhala patali, pamuzu wa mtengo. Atikonda potuluka kudzaitana woyamba anamuona, anayang'ana amayi aja, n'kumuyang'ananso iye nthawi yaitali. Kenaka anaitana woyamba kuti alowe.

Mpongozi wa a Stelia analowa n'kutuluka akumwetulira, akuti zatha, sizinapweteke kwenikweni. A Stelia chimodzimodzi. Clara analowa wachitatu ndipo anakhalitsa.

Atatuluka anabwera molunjika pamtengo paja, kabuku kali m'manja. Ezekiele anaimirira.

"Sanawotche," anatero Clara. "Akuti chakula kuposa makina awo. Mu Febuluwale chikanatheka. Lolemba ndipite kuboma, akadule pamalopo, akayeze."

Ezekiele anasendera pafupi. Anatambasula dzanja kuti aone kabuku.

"Zimenezo sizitanthauza kuti ndi khansa, achemwali. Nthawi zambiri akadula..."

"Usandimasulire." Clara anabweza kabuku kumbuyo. "Andiuza okha, ndamva. Pomwe sindinamve ndafunsanso kawiri."

"Chabwino."

"Kingsley atsala ndi ana. Upita nane ndiwe. Ukanyamula chikwama, ukakhala panja, akakufunsa kanthu ukanene kuti sukudziwa."

"Chabwino, achemwali."

"Sindinakukhululukire."

"Ndikudziwa."

Clara anamanga kabuku pansonga ya chitenje, anakoka mfundo ndi mano, n'kuyamba kuyenda. Atapita mapazi angapo anatembenuka.

"Ndipo upeze wakabaza wosathamanga. Msewu wa kuboma uja, ine sindikufuna kukafera panjira."